Mawu a Mkonzi: Miyala ya Chiremba Sibweza Chenji

Abale athu okhala ku Epworth, kufupi ndi Harare, amene ena mwa iwo ndi ana ndi adzukulu a makolo aja anachoka kuno kum'mawa kwa Zambia kalekale kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya Rhodesia, analira mu 2024 ndi nkhani imene olemera angaiyese yachabe, koma imene inkadya thukuta la wosauka m'mawa ndi madzulo. Chenji inasowa.

Pa 5 April 2024 bwanamkubwa wa Reserve Bank of Zimbabwe, a John Mushayavanhu, analengeza ndalama yatsopano ya ZiG, koma mapepala ake sanafike m'manja mwa anthu kufikira pa 30 April. Ndipo m'masabata apakatiwo amalonda ndi oyendetsa makombi anayamba kukana ndalama zakale, kotero kuti ulendo wa masenti 50 a ku America unasanduka wa dola yathunthu, pakuti kondakitala analibe chobweza. Wopita ku tauni kukagulitsa masamba analipira kawiri, wogula mchere m'sitolo anabwezeredwa maswiti, ndipo onsewa anataya ndalama zawo popanda wakuba wooneka ndi maso, koma chifukwa chakuti chenji inasowa.

Chomvetsa chisoni koposa ndi ichi, chakuti miyala yosanjikizana ya Chiremba, imene yakhala ikukongoletsa ndalama za dzikolo kuyambira pamene linalandira ufulu mu 1980, ili ku Epworth komweko. Inajambulidwa ngakhale pa pepala lija la madola 100 thiriliyoni la mu 2009, limene lero limagulidwa ndi alendo okonda kusunga zodabwitsa. Miyalayo ili chiimire monga anaiikira Mlengi, koma ndalama zonse zimene zinainyamula zagwa imodzimodzi. Kodi mwana wa ku Epworth akapempha mkate, akhuta ndi chithunzi cha mwala umene akuuona kale pakhomo pake? Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikulemba izi kuti tiseke anansi athu, iai. Ifenso mu 2014, pokumbukira zaka 50 za ufulu, Bank of Zambia inatulutsa K50 yachikumbutso yokhala ndi nkhope za a Kaunda, a Chiluba, a Mwanawasa, a Banda ndi a Sata, ndipo tinailandira ndi manja awiri, popeza nkoyenera kuti mtundu ulemekeze atsogoleri ake. Komatu mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi sayang'ana nkhope ili papepala. Chimene iye afunsa nchakuti, wogula akam'patsa K50 pa mulu umodzi, adzam'bwezera chiyani?

Tsono tikupempha akuluakulu a ku Lusaka mwaulemu wonse kuti, ngati alingalira zosindikizanso pepala lachikumbutso, ayambe awerenga mtengo wake, ndipo atsimikize kuti ma K2, ma K5 ndi ndalama zachitsulo zafika zokwanira m'misika yathu yakumidzi, ndi kuti zong'ambika zasinthidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tipatseni chenji poyamba, chikumbutso chibwere pambuyo.