Nkhani za m'dera pa WhatsApp: akusefa ndani?

Kale uthenga wa maliro m'tauni unkayenda ndi mnyamata wa amfumu, apo ayi unkalengezedwa kutchalitchi ndi kumzikiti. Lero ku Ndirande, Area 25 kapena Chibavi uthengawu ukuyamba wafika pagulu la WhatsApp la m'deralo. Madzi akasiya, magetsi akathima, mwana akasowa, anthu akumva nthawi yomweyo, wailesi isanadziwe n'komwe.

Ubwino wake ngosachita kufunsa. Nyuzipepala singatume mtolankhani kukalemba za paipi yophulika ku Mbayani, komatu kwa mayi amene walawirira ndi ndowa, imeneyo ndiye nkhani yaikulu ya tsikulo.

Vuto lagona poti pagulupo aliyense ndi mtolankhani koma mkonzi palibe. Ntchito ya admin imathera pa kulowetsa anthu ndi kukalipira otsatsa zitenje. Wina akaponya chithunzi cha mnyamata n'kulemba kuti wakuba ndi ameneyu, ndi ochepa amafunsa kuti wamuona ndani, waba chiyani, nanga apolisi akudziwa? M'dziko muno, momwe oganiziridwa kuba ena amatenthedwa asanafike kupolisi, chithunzi chotere chikhoza kuphetsa munthu wosalakwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu adaphedwa popanda umboni uliwonse. Zambiri mwa izo zidayenda pakamwa, koma foni imathamanga kuposa pakamwa.

Eni WhatsApp akulidziwa vutoli. Mu 2018, anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mauthenga abodza onena za akuba ana, kampaniyi idakhwimitsa kuti uthenga usamatumizidwe kumalo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo mu 2019 lamuloli lidafika dziko lonse lapansi. Izi zimangochepetsa liwiro la bodza. Pagulu la m'dera uthenga sufunika kuyenda kutali, woganiziridwayo amakhala kuseri kwa msika komweko.

Ku Kenya adayesa njira ina. Ziwawa zitabuka pambuyo pa chisankho cha December 2007, Ory Okolloh ndi anzake adayambitsa Ushahidi, kutanthauza umboni m'Chiswahili. Anthu wamba ankatumiza zomwe aona kwawo, malipoti n'kumaikidwa pamapu, koma lipoti lotsimikizika linkasiyanitsidwa ndi losatsimikizika. Kusiyanitsa kumeneku ndi komwe magulu athu akusowa.

Lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo apolisi adamangapo anthu chifukwa cha zolemba pa WhatsApp. Koma lamulo limabwera zinthu zitaonongeka kale. Amene angaletse msanga ndi admin, yemwe kuyambira 2022 ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu aliyense pagulu. Chomuvuta n'choti woponya bodzayo ndi neba wake, mwinanso ndi mkulu wampingo kapena mwini nyumba yomwe akuchita lendi, ndipo mawa akakumana naye kumaliro.