Mafuta Sitikumba, Koma Atilamulira

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu ya kwa Likoswe, ena mwa inu afunsa kuti: "Kodi ife alimi a chimanga ndi nandolo, opanda ngakhale njinga yamoto, nkhani ya mafuta itikhudza bwanji?" Itikhudza ndithu, ndipo tifuna kuti membala ali yense aimvetse.

Dziko lonse lapansi limwa mafuta migolo pafupi-fupi 100 miliyoni tsiku liri lonse, koma Malawi sakumba ngakhale dontho. Petulo, dizilo ndi palafini zidzera pa madoko a eni ake, Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo zigulidwa ndi madola amene fodya, tiyi ndi shuga zitibweretsera. Madola akachepa, ku Limbe magalimoto agona pa mzere. M'mawa mwake minibasi yakwera mtengo, wachigayo wakweza, ndipo mai wopita ndi dengu la matimati ku msika abwera ndi ndarama zosakwana mchere ndi sopo.

Chimene ambiri sadziwa ndi ichi: feteleza wa urea apangidwa kuchokera ku mpweya wa pansi pa nthaka wochedwa gasi. Nchifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine ya mu 2022 tinaimva m'thumba la feteleza, kenaka m'nkhokwe.

Bvutoli si la lero. Mu 1973 maiko a Aarabu anachepetsa mafuta awo, mtengo nukwera kanai, ndipo ngakhale Britain ndi America anagwedezeka. Kwathu kuno kusowa kwa mafuta ndi ndarama zakunja kunali pakati pa zimene zinaturutsa anthu m'miseu pa 20 July 2011, pamene anthu pafupi-fupi 20 anaphedwa. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mafuta nakwera masiku omwewo. Nanga mtengo wa nandolo wathu unathamanga chomwecho?

Ena ayembekeza mafuta a pansi pa Nyanja ya Malawi. Chilolezo chofufuza chinaperekedwa mu 2011, ndipo chimene chinaturuka msanga ndi mkangano ndi Tanzania pa za malire. Ife titi, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa apanga ethanol kuchokera ku zotsala za nzimbe, nasakaniza ndi petulo. Ameneyo ndiye wathu, ndipo Boma liyenera kumchulukitsa. Liyeneranso kusamala njanji ya ku Nacala, pakuti sitima imodzi isenza katundu wa malole ambiri-mbiri.

Phungu wathu akadzabwera, tisadzangomuombera m'manja. Tidzamfunse kuti nkhokwe za NOCMA zisunga mafuta a masiku angati, ndi kuti madola a fodya apita kuti. Pakali pano banja liri lonse likumbe dzenje la manyowa mapesi asanaotchedwe, ndipo atsogoleri a m'midzi apereke kwa mlembi maina a mabanja amene ayamba kale.