M'mera Mpoyamba: Dzina la Malemu Likhoza Kulera Wofufuza

Kumapeto kwa sabata, mabanja a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare amasonkhana kumanda a Warren Hills kapena a Granville kukavundukula ziliza za abale awo. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za machona amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Amasonkha ndalama kwa miyezi yambiri kuti dzina la agogo lilembedwe pamwala. Mwalawo umasunga dzina ndi zaka, koma sufotokoza zimene munthuyo anakumana nazo, kapena chifukwa chimene ankatchedwa mlendo m'dziko limene analikhetsera thukuta.

Ayuda, amene anataya anthu pafupifupi 6 miliyoni m'manja mwa chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anapeza njira ina yowonjezera pa ziliza. Amatenga dzina la malemu n'kuliika pa mphotho kapena thumba la ndalama lothandiza ofufuza amene angoyamba kumene ntchito yawo. Mwachitsanzo, bungwe la Claims Conference, lomwe linakhazikitsidwa mu 1951 kuti lizikambirana ndi dziko la Germany za chipukuta misozi, limapereka thandizo la maphunziro m'dzina la Saul Kagan, mtsogoleri wake wa zaka zambiri yemwe anamwalira mu 2013. Thandizoli limapita kwa ophunzira a digiri ya PhD ndi amene angoimaliza kumene. Ku London, laibulale ya Wiener, yomwe Alfred Wiener anaiyambitsa ku Amsterdam mu 1933 posonkhanitsa umboni wa nkhanza za chipani cha Nazi, imapereka mphotho yodziwika ndi dzina la Ernst Fraenkel. Kwa zaka zambiri mphothoyi inali ndi gawo lapadera la olemba amene anali asanasindikizepo buku lalikulu.

Chifukwa choyang'ana achinyamata n'chodziwikiratu. Pulofesa wotchuka ali kale ndi malipiro, ofesi ndi omusindikizira mabuku. Amene ali pachiopsezo ndi uja wangomaliza maphunziro, alibe ntchito yokhazikika, ndipo akufunika ndalama ya basi, ya malo ogona ndi yojambulitsa makalata akale. Akapanda kuthandizidwa pa nthawi imeneyi, amasiya kafukufuku n'kupita kukachita geni kapena kuwoloka Limpopo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ena angafunse kuti nkhani ya kuzunzidwa kwa Ayuda ikukhudza bwanji munthu wa ku Dzivarasekwa kapena Mabvuku. Yankho loyamba n'lakuti mbiriyi ili mu Harare momwemo. Mpingo wa Ayuda unakhazikitsidwa mumzindawu mu 1895, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Ayuda m'dziko lonselo anali pafupifupi 7,000. Ena mwa iwo anachokera pachilumba cha Rhodes m'nyanja ya Mediterranean. Mu July 1944, abale awo pafupifupi 1,700 amene anatsala pachilumbapo anatengedwa kupita kumsasa wa Auschwitz, ndipo amene anapulumuka anali pafupifupi 150 okha. Maliro amenewo analiridwanso m'nyumba za ku Salisbury. Buku la Barry Kosmin lotchedwa Majuta, lofotokoza mbiri ya Ayuda a ku Zimbabwe, linatuluka mu 1980. Lero Ayuda otsala m'dzikolo ndi ochepa kwambiri, ndipo nkhalamba zokumbukira zaka zimenezo zikutha.

Yankho lachiwiri n'lakuti chidani chimenechi sichinathere ku Ulaya. Mu 2001, Pulezidenti Robert Mugabe polankhula ku Bulawayo anadzudzula Ayuda kuti akufuna kutseketsa mafakitale a nsalu. M'chaka chomwecho lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambirimbiri obadwira mu Zimbabwe koma makolo awo ochokera kumayiko oyandikana nawo anapezeka kuti salinso nzika ndipo sangavote. Mu 2005 kunabwera Operation Murambatsvina, yomwe malinga ndi lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena njira yopezera chakudya. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndi amene anabwezera unzika kwa ambiri a iwo.

Zimenezi sizifanana ndi kuphedwa kwa Ayuda, ndipo wofufuza woona mtima sangaziike pa sikelo imodzi. Komabe amene waphunzira za malamulo a ku Nuremberg a mu 1935, amene analanda Ayuda unzika wa Germany, amadziwa kuti nkhanza zimayamba ndi mayina onyoza ndi zikalata za boma, mfuti zisanalire. Wophunzira wotere akamva mnansi wake akutchedwa mubwidi kapena munthu wopanda mutupo, amazindikira msanga kumene mawu oterewa angafikitse dziko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ofufuza aluso alipo kale. Anusa Daimon analemba digiri yake ya PhD mu 2015 pa yunivesite ya Free State ku South Africa, pa mbiri ya Amalawi a ku Zimbabwe. Zoë Groves anatulutsa buku la machona a ku Salisbury mu 2020. Chitsanzo cha mphotho chiliponso pafupi: magazini ya Journal of Southern African Studies imapereka mphotho m'dzina la Terence Ranger, mphunzitsi wa mbiri yemwe boma la atsamunda linamuthamangitsa ku Rhodesia mu 1963, kwa wolemba amene wasindikiza nkhani yake yoyamba m'magaziniyo. Ku Johannesburg kuli likulu lophunzitsa za kuphedwa kwa Ayuda pamodzi ndi kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994, kumene wophunzira wa ku Harare angakafike pa basi.

Chofunika tsono ndi mphotho yochokera m'makomboni momwemo. Magulu othandizana pa maliro, amene machona anayambitsa kalekale, amadziwa kusonkha ndi kusunga ndalama. Mipingo ya CCAP, mizikiti, ndi ana a Ayuda a ku Zimbabwe amene ali kunja angathe kuikapo dzanja. Sipafunika chuma chambiri: ndalama yokwana chiliza chimodzi ikhoza kulipirira wophunzira wa pa University of Zimbabwe miyezi ingapo ku National Archives, kapena kumugulira makina ojambulira mawu a nkhalamba. Chachikulu n'chakuti oweruza akhale odziwa ntchito, malamulo ake akhale poyera, ndipo wopambana abwerere kukafotokoza zimene wapeza m'Chichewa ndi m'Chishona, kuholo ya Stodart ku Mbare, pamaso pa anthu amene nkhaniyo ndi yawo.