Nsato si nkhuku, ana inu

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndalemba mtima ukuwawa.

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Bayoloje anandipeza pa Nchalo. Anandionetsa mavidiyo pa foni: anthu a ku America akuweta njoka m'mabokosi, kuswetsa mazira, n'kumagulitsa tiana take pa madola. "Aphunzitsi," akutero mnyamatayo, "nsato zili mbwee ku Elephant Marsh. Tikagwire zazikazi, tilemere."

Mwana wanga, unagona m'kalasi. Njoka ya m'mavidiyoyo ndi ball python, Python regius. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ku Malawi kulibe. Ndi yofatsa, yaifupi, siipitirira kwenikweni mita imodzi ndi theka, ndipo ikaopa imadzipinda ngati mpira. Nsato yathu ndi Python natalensis. Imatha kupitirira mamita 4. Uiweta m'bokosi liti? Uidyetsa mbuzi za yani?

Tsono funsani zimene malondawa achita kwa eni ake. Ku Ghana, Togo ndi Benin alenje amagwira njoka zazikazi zokhala ndi mazira, ndipo tiana timatumizidwa kunja. Mu 2021 bungwe la IUCN linaika ball python pa gulu la nyama zimene zayandikira chiopsezo cha kutha. Phindu lalikulu amadya ndi ogulitsa a kunja. Mlenje wa kumudzi amangotola nyenyeswa.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, inu muli pa malipiro, ife tidya chiyani?" Funso ndi loona. Ntchito kulibe, ndipo namondwe Freddy wa 2023 anasiya ambiri manja ali m'khosi. Koma njala isatichititse kugwetsa nkhokwe. Nsato imadya nchenzi ndi makoswe, adani a chimanga, mapira ndi nzimbe zathu. Kafukufuku wa Graham Alexander wa ku yunivesite ya Wits, wa mu 2018, anaonetsa kuti nsato yaikazi imafungatira mazira, ndipo akaswa imakhala ndi ana ake pafupifupi masabata awiri. Ukagwira mayi mmodzi wapha chisa chonse.

Palinso lamulo. Nsato zonse zili pa mndandanda wa pangano la CITES, ndipo kuzitumiza kunja popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Nyama Zakutchire ndi mlandu. Lamulo la nyama linakhwimitsidwa mu 2017. Ukakakwatula nsato ku Lengwe, Majete kapena Mwabvi, foni yakoyo siidzakutulutsa m'ndende.

Makolo athu sanawerenge Bayoloje, koma ku Khulubvi, ku Nsanje, amati Mbona amabwera ngati nsato, ndipo njokayo ankaipatsa ulemu.

Mnyamata uja ndamuuza kuti aweta nkhanga kapena mbuzi, ndipo ndimuthandiza kulemba kalata yopempha ngongole. Inu anzanga a Bayoloje ndi Agriculture, nkhaniyi tiikambe m'kalasi teremu ino, ana athu asanalowe m'bango ndi matumba.