Mlembi Wongoyamba Kumene Afunika Mlangizi

Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana ambiri amatsiriza sukulu ali ndi kope limene analibisa pansi pa zovala m'bokosi. M'kopemo mumakhala nthano, ndakatulo, mwinanso chiyambi cha buku lathunthu. Ambiri mwa makope amenewa amathera kwa chiswe, chifukwa palibe munthu wodziwa ntchito ya ulembi amene anawawerenga ndi kuloza pamene pakhota. Pakutero mtundu umataya mabuku amene ukadakhala nawo.

Alipo ena amene amati ulembi ndi mphatso yobadwa nayo, kotero kuti malangizo alibe phindu. Nzoona kuti palibe mlangizi amene angampatse munthu nkhani yoti alembe ngati mwini wake alibe. Koma mbiri ya alembi otchuka ionetsa kuti mphatso imakula ikapeza woisamala. M'chaka cha 1962, pa msonkhano wa alembi a mu Africa umene unachitikira ku Makerere m'dziko la Uganda, wophunzira wina wa ku Kenya, Ngugi wa Thiong'o, anapereka zolemba zake kwa Chinua Achebe kuti aziwerenge. Achebe anaziwerenga, nazitchula kwa osindikiza mabuku a Heinemann, ndipo m'chaka cha 1964 buku la Weep Not, Child linatuluka. Mnyamatayo akadachita manyazi, ulendo wake ukadatalika.

Kuno ku Malawi chitsanzo chilipo. M'chaka cha 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College anayamba gulu la alembi lotchedwa Writers Group, limene linkakumana mlungu ndi mlungu. Munthu ankabwera ndi ndakatulo kapena nthano yake, anzake naiwerenga, naipeta mopanda kuopana. M'gulu limeneli munadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi ena amene maina awo anamveka mpaka kunja kwa dziko lino. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ulembi mawuwa anapherezera.

Nanga malangizo othandiza ndi otani? Choyamba, amamuuza mlembi kuti alembe zimene akuzidziwa. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku la m'chaka cha 1933, potengera moyo wa m'mudzi umene ankaudziwa bwino, ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Wachinyamata wokulira m'mbali mwa nyanja ali ndi nkhani za asodzi zimene wina aliyense sangazilembe, koma akayamba kufotokoza za London kumene sanapondeko, wowerenga amazindikira msanga.

Chachiwiri, malangizo abwino amaloza malo enieni. Kungonena kuti nthano siikoma sikuthandiza munthu. Mlangizi weniweni amanena kuti pa tsamba lachitatu agogo akulankhula ngati mwana wa sekondale, kuti miyambi isanu yaunjikidwa m'ndime imodzi pamene umodzi ukadakwanira, kapena kuti mfumu imene inamwalira m'mutu woyamba yapezekanso ikuweruza mlandu kumapeto. Zotere mlembi angathe kuzikonza tsiku lomwelo.

Chachitatu ndi chilankhulo. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anakonzedwa ndi bungwe la Chichewa Board, limene linayamba ntchito m'chaka cha 1972, ndipo kuchokera m'chaka cha 1996 ntchito yosamala zilankhulo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Mlembi wosalabadira kalembedwe amatopetsa mkonzi asanafike pa tsamba lachiwiri. Woganiza m'Chingerezi nkumalemba m'Chichewa nayenso amagwidwa, makamaka zolemba zake zikawerengedwa mokweza pamaso pa anthu akuluakulu.

Komabe si malangizo onse oyenera kuwameza. Alipo alangizi oyamikira chilichonse poopa kukhumudwitsa, ndipo amenewa amamugoneka mlembi tulo. Alipo onyoza, amene amathyola mtima wa mwana ndi mawu amodzi. Aliponso ofuna kuti wophunzira alembe ndendende ngati iwo. Mlembi wanzeru amamvetsera onse, nasinkhasinkha, natenga chimene chikuwongola nkhani yake. Mawu otsiriza pa buku amakhala a mwini wake.

Udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi. Inki yofiira yokha, popanda kufotokoza chifukwa chake, imangoopsa mwana. Mphunzitsi wa Chichewa angathe kupatula ola limodzi pa mlungu, kusonkhanitsa ophunzira okonda kulemba pansi pa mtengo, ndi kuwalola kuti aziwerengerana ndi kudzudzulana mwaulemu. Zimenezi sizilira ndalama. Otsiriza sukulu nawo asaleke kuwerenga mabuku a John Gwengwe, E. J. Chadza, Willie Zingani ndi ena, pakuti buku lolembedwa bwino ndi mlangizi amene satopa kufunsidwa. Atulutse makope awo m'mabokosi, awapereke kwa munthu wonena zoona, ndipo akalandira mayankho akhale pansi alembenso.