Mazira a nsomba akhale mu Luangwa, bala lipite kuchipatala

Ku Norway kuli kampani yotchedwa Regenics yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuyenga mazira a nsomba ya salmon pofufuza ngati zotulukamo zingapoletse msanga mabala a moto. Nkhaniyi si yopeka. M'dzira muli mapuloteni, mafuta ndi zonse zofunika kuti kamoyo kayambe kukula, ndiye akatswiri akuganiza kuti zomwezo zingadzutse khungu lowonongeka. Koma kafukufukuyu akadali wakhanda, ndipo ife a ku Chama tichenjere, chifukwa mbiri ya mankhwala imafika kumudzi msanga kuposa umboni wake.

Nsomba yalowadi m'zipatala za dziko lapansi. Ku Iceland, kampani ya Kerecis imapanga zophimbira zilonda kuchokera ku khungu la nsomba ya cod, ndipo mu 2023 kampani ya Coloplast ya ku Denmark inaigula pa ndalama zoposa madola biliyoni imodzi. Mumzinda wa Fortaleza ku Brazil, madokotala amaphimba anthu opsa ndi khungu la tilapia, m'bale wake wa nsomba zomwe timakazinga kuno. Khungulo salichotsa pa nsomba n'kulimata pa munthu tsiku lomwelo. Limatsukidwa ndi mankhwala, limaphedwa tizilombo tonse, limatsekeredwa m'mapaketi, ndipo wolimata ndi dokotala amene amaliyang'anira mpaka bala litapola. Chopoletsa ndi ntchito yonseyo pamodzi.

Apa ndi pomwe amalonda amatichitira chinyengo. Amatenga dzina la nsomba, ntchito yonse ija n'kuisiya. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda mafuta odzola olembedwa "caviar" kapena "salmon", olonjeza kufufuta zipsera m'masabata ochepa. Mafuta a caviar ndi malonda akale a anthu olemera, kampani ya La Prairie inayamba kuwagulitsa mu 1987, ndipo ndi zodzoladzola basi, si mankhwala a bala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi amene wavutika ndi mpunga wa Chama nyengo yonse, kuingitsa mbalame masana ndi njovu usiku, asapereke ndalama ya thumba lake pa kabotolo komwe palibe akudziwa komwe kanapangidwira. Bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'Zambia, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2013, ndipo zodzola zili m'gulu la zinthu zomwe lamulolo limakhudza. Ntchito yake isamathere ku Lusaka ndi ku Chipata.

Chomwe chikundiwopsa kwambiri n'chakuti kuno mazira a nsomba sitichita kuitanitsa. Munthu akangomva kuti azungu akuchiza mabala ndi mazira a nsomba, atumbula mlamba n'kupaka mwana wopsa ndi phala. Tinazolowera kale kupaka pa bala mankhwala otsukira mano, dzira la nkhuku laliwisi, mafuta ophikira, phulusa ngakhale dothi. M'madzi a mitsinje ndi m'thupi la nsomba yaiwisi mumakhala tizilombo monga Aeromonas, tomwe tikalowa pa khungu losupuka timaoletsa mnofu, ndipo nthawi zina munthu amadulidwa chiwalo. Khungu ndilo limatchinga matenda. Likapsa khomo limakhala lotsegula, ndiye inu mukuikapo zam'mimba mwa nsomba?

Chithandizo choyamba cha bala la moto chimadziwika ndipo sichilira ndalama. Thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, chotsani mphete ndi zibangili thupi lisanatupe, musaboole matuza, phimbani ndi nsalu yoyera, kenako thamangani kuchipatala komwe angatsuke bala, kupereka mankhwala opha ululu ndi jakisoni wa kafumbata. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa ndi mabala a moto chaka chilichonse, ambiri m'mayiko osauka. Kwathu opsa kawirikawiri ndi ana okwawira pa mafuwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, komanso odwala khunyu ogwera pamoto. Bala likachedwa kupola kapena likachita mafinya, chipsera chake chimakula, mpaka zala kapena chigongono kukokana. Zipsera zotupa, zomwe zimakonda khungu lakuda, madokotala amazichepetsa ndi silikoni, nsalu zothina kapena jakisoni wobaya pa chipsera pomwepo, ndipo ngakhale iwo salonjeza kuti zitheratu. Wolonjeza zimenezo ndi wamalonda yekha.

Vuto lenileni la munthu wopsa wa kwa Chifunda, kwa Chikwa kapena kwa Tembwe ndi mtunda. M'nyengo ya mvula mitsinje ikadzadza, ulendo wopita kuchipatala cha boma la Chama umasanduka nkhondo, ndipo pamene munthu akudikira madzi kuphwa ndi pamene achibale amayamba kuyesa chilichonse. Boma la Chama linachotsedwa m'chigawo cha Kummawa kupita ku Muchinga mu 2011, n'kubwezedwanso mu 2021. Mapu asintha kawiri, koma wodwala sanafupikiridwe ndi chipatala chifukwa cha zimenezo.

Mazira a nsomba ali nayo kale ntchito. Boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a Zambia kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, koma ena amaphwanya lamuloli mpaka kukoka ndi maukonde a udzudzu. Mazira akapeza mtengo ngati mankhwala, asodzi ayamba kusaka nsomba zazikazi zomwe zili ndi mazira, ndiye ndiwo za chaka chamawa zathera m'botolo.

Choncho pempho langa lipite kwa aphungu a Chama North ndi Chama South, makhansala, ndi mafumu motsogozedwa ndi Senior Chief Kambombo. Pokambirana za ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF), chipatala chaching'ono chilichonse chikhale ndi madzi oyera, mabandeji, mankhwala otsukira mabala ndi katemera wa kafumbata wosungidwa mufiriji yogwira ntchito. Alangizi a zaumoyo aphunzitse za mphindi 20 za madzi m'Chisenga, m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja, kusikelo ya ana ndi m'matchalitchi, mwezi wa Juni usanafike.