ZA PAKHOMO PATHU: Yesani Mwala Musanalipire

Amai ndi abambo a m'boma la Rufunsa, ena mwa inu amene mwamanga nyumba za njerwa mufuna thebulo la mwala wa mabo m'khichini. Mwalawu si wacilendo m'dziko muno. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamwamba pa mabo ndi mwala wa laimu, umene kampani ya Chilanga, yokhazikitsidwa m'caka ca 1949, ipangira simenti.

Mabo ndi laimu ndi pacibale, ndipo zinthu zowawasa ziononga miyala yonse iwiri. Cotero musanalipire, pemphani kacidutswa, mudonthezepo madzi a ndimu. Pakatsala banga lotuwa, dziwani kuti matimati ndi viniga adzacita cimodzimodzi. Kandaninso ndi mpeni: mabo akandika, koma mwala wa granite, wolimba ngati mphero, ukana.

Inu amene munagula kale, dulirani ndiwo pa thabwa, pukutani msanga mafuta akatayika, ndipo tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo. Mcenga ndi waya zotsukira miphika zicotsa kunyezimira kwake.

Ndalama za cimanga ca caka cathunthu zisathere pa mwala wosayesedwa.